Msomali, simenti ndi wotchi: mbiri ya opaleshoni ya fupa la m'chiuno mwa okalamba

Mfumu Charles IV, imene inkalamulira Bohemia ndi chigawo chachikulu cha Ulaya, inamwalira ku Prague pa 29 Novembala 1378 ili ndi zaka 62. Patapita zaka pafupifupi 600, akatswiri anatsegula manda ake n'kuunika mafupa, ndipo anapeza kuti fupa la ntchafu ya kumanzere linali lothyoka chakumtunda, pafupi ndi pamene limalowa m'chiuno. Kuthyokako pakokha sikunaiphe mfumuyo. Chinaitenga ndi chibayo chimene chinaigwira ili chigonere, patangotha masabata ochepa chivulalireni. Inali ndi chuma komanso asing'anga amene munthu wamba sakanawalota n'komwe, komabe inapita m'njira imene agogo ambiri akupitabe lero: kugwa, kulephera kudzuka, kugonekedwa, kenako chifuwa.

Tikamati munthu wathyoka m'chiuno, chimene chathyoka kwenikweni ndi nsonga ya kumtunda ya fupa la ntchafu. Fupali, lomwe ndi lalitali kuposa onse m'thupi, limathera ndi mutu wobulungira umene umazungulira m'kabowo ka fupa la chiuno. Pansi pa mutuwo pali khosi lopendekera, ndipo pansi pa khosi pali malo otukuka pamene pamagwira minofu ikuluikulu. Kuti wachinyamata athyoke pamenepa pamafunika ngozi ya galimoto kapena ya njinga yamoto. Wokalamba amangofunika kuterereka m'bafa, kupunthwa pakhonde, kapena kuphonya mpando. Zaka zikamapita, makamaka mwa amayi amene anasiya kusamba, fupa limawepuka mkati n'kukhala ngati nsichi yofumbwa: kunja ikuoneka yabwinobwino, koma ukakhomapo msomali sugwira. Msomali wosagwira umenewu wasowetsa tulo madokotala kwa zaka zoposa 150.

Ambroise Paré, dokotala wa asilikali wa ku France wa m'zaka za m'ma 1500, ndi amene amatchulidwa kuti anayamba kulemba momveka za kuthyoka kwa khosi la fupali, kumene ambiri ankakusokoneza ndi kuguluka kwa mfundo. Koma maziko enieni anaika ndi Astley Cooper wa ku Guy's Hospital mumzinda wa London. M'buku lake la mu 1822 anagawa kuthyokaku pawiri, ndipo kagawidwe kake kakugwirabe ntchito. Mfundo ya m'chiuno inakutidwa ndi thumba la minyewa yolimba. Fupa likathyokera kunja kwa thumbalo, kumene magazi amayenda ambiri, limalumikizana lokha, ngakhale kuti mwendo umafupika kapena kupotoka. Likathyokera mkati, timitsempha timene timakwera m'khosi kukadyetsa mutu wa fupa timaduka, mutuwo umasowa magazi, ndipo kawirikawiri umafa.

Cooper anaphunzitsa kuti kuthyoka kwa mkatiku sikulumikizana, choncho palibe chifukwa chozunzira nkhalamba ndi zomangira kwa miyezi. Iye ankati wodwala apume masiku owerengeka, ululu ukachepa adzutsidwe, akhale pampando, ayambe kuyenda ndi ndodo. Anzake ena anamutsutsa pa zoti fupalo silingalumikizane mpang'ono pomwe, ndipo pamenepo anali ndi mfundo. Koma pa zodzutsa wodwala msanga, Cooper anaona chinthu chimene madokotala anachitaya m'njira n'kudzachitolanso patapita zaka zoposa 100.

Bedi limamudya wokalamba mbali zonse nthawi imodzi. Mapapo satambasuka mokwanira, makhololo amadikha, chibayo chimapeza polowera. Khungu la m'munsi mwa msana ndi la zidendene limaphulika zilonda. Magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuluma chikathothoka n'kukatseka m'mapapo, munthu amene m'mawa amadya phala bwinobwino madzulo mumamva kuti watisiya. Minofu imasungunuka, mkodzo umalowa matenda, mutu umasokonekera mpaka gogo osazindikira ana ake. Opaleshoni iliyonse imene tikambe pano cholinga chake chachikulu n'kumulanditsa munthu ku bedi limeneli.

M'zaka za m'ma 1850, Bernhard von Langenbeck wa ku Berlin anayesa kulumikiza khosi la fupali ndi chitsulo. Wodwalayo anafa bala litanyeka. Nthawiyo mankhwala ogonetsa anali atangoyamba kumene, poti anaonetsedwa koyamba pagulu ku Boston mu 1846, koma nkhani ya tizilombo tolowa m'mabala inali isanamveke. Joseph Lister anafalitsa njira yake yophera tizilomboti ali ku Glasgow mu 1867, ndipo mu 1875 Franz König wa ku Germany anabwereza zimene Langenbeck anayesa, wodwala wake n'kuchira. Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray mu 1895, madokotala anayamba kuona ndi maso kuthyoka kumene poyamba ankangokupapasa. Ngakhale zinali choncho, ambiri ankaopabe mpeni. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, njira yotchuka inali ya Royal Whitman wa ku New York: kumugonetsa wodwala, kukoka mwendo, kuutangadza n'kuupotozera mkati, kenako kumuveka chikhakha kuyambira pachifuwa mpaka kuphazi kwa miyezi. Tangoganizani gogo wa zaka 80 ali m'chikhakha choterocho m'nyengo yotentha.

Zaka za zitsulo

Marius Smith-Petersen anabadwira ku Norway mu 1886, anasamukira ku America ali mnyamata, n'kudzakhala dokotala wa mafupa pa Massachusetts General Hospital ku Boston. Anaona kuti misomali yobulungira imalola mutu wa fupa kuzungulira, ndipo fupa limene likugwedera silingalumikizane. Anapanga msomali wa mapiko atatu opyapyala, amene amaluma fupa n'kuletsa kuzungulirako. Anayamba kuugwiritsa ntchito mu 1925, zotsatira zake n'kuzifalitsa mu 1931. Vuto linali lakuti pofuna kuukhoma ankatsegula mfundo yonse, opaleshoni yaikulu kwa munthu wofooka kale.

Chaka chotsatira, Sven Johansson wa ku Gothenburg m'dziko la Sweden anachita chinthu chooneka chaching'ono: anaboola msomaliwo pakati, kuchokera kumutu mpaka kunsonga. Tsopano dokotala ankayamba walowetsa kawaya kowongoka kudzera pa kabala kakang'ono m'mbali mwa ntchafu, n'kujambula X-ray chakutsogolo ndi cham'mbali. Kawayako kakasokera, amakazula n'kukalowetsanso, popanda kuwononga fupa. Kakakhala pakati penipeni pa mutu wa fupa, amavekapo msomali wobookawo n'kuukhoma motsatira waya. Mukalowa m'fiyeta ya mafupa lero, kaya ndi ku Oslo, ku Mumbai kapena ku Blantyre, mudzapeza kuti waya ndiye amatsogola, chitsulo chimabwera pambuyo. Nayonso nkhani ya dzimbiri inapeza yankho m'zaka zomwezo, Charles Venable ndi Walter Stuck a ku San Antonio, Texas, ataonetsa kuti Vitallium, chitsulo chimene madokotala a mano ankagwiritsa kale ntchito, chimakhala m'thupi osadyeka.

Komabe mu 1935 Kellogg Speed wa ku Chicago anakutcha kuthyoka kwa khosi la fupali kuti ndi kuthyoka kopanda yankho, ndipo dzinalo linakanirira. Msomali ungakhale wabwino chotani, sungabwezere magazi ku mutu wa fupa umene mitsempha yake yaduka. Odwala ambiri ankabwerera kuchipatala patapita miyezi, fupa lisanalumikizane kapena mutu utaphwanyika, msomali utatulukira pena.

Apa ena anati: ngati mutuwo ukufa, bwanji osangouchotsa n'kuikapo wopanga? Mu 1940 Austin Moore ndi Harold Bohlman anaika nsonga ya fupa la ntchafu yachitsulo mwa wodwala chotupa ku Columbia, South Carolina. Mu 1946 abale awiri a ku Paris, Robert ndi Jean Judet, anabweretsa mutu wa pulasitiki, umene unatchuka mofulumira n'kuyambanso kuperepeseka ndi kuthyoka mofulumira. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, Moore anatulutsa mutu wachitsulo wokhala ndi mchira wolowa m'kati mwa fupa la ntchafu, mchirawo uli ndi mabowo oti fupa limeremo, ndipo Frederick Thompson wa ku New York anatulutsa wake wopanda mabowo. Zitsulo ziwirizi zikuikidwabe m'zipatala zambiri za mu Africa ndi ku Asia chifukwa n'zotsika mtengo. Kenako John Charnley, wogwira ntchito pa chipatala cha Wrightington kumpoto kwa England, anayamba kumata mchirawo ndi simenti ya mafupa, nzeru inanso yobwerekedwa kwa a mano, ndipo mu 1962 anakhazikitsa njira yosinthira mfundo yonse, mutu pamodzi ndi kabowo kake. Chaka chimodzi izi zisanachitike, Robert Garden wa ku Preston anali atagawa kuthyoka kwa khosi m'magulu anayi poyang'ana X-ray. Madokotala anadzapeza kuti akapatsidwa chithunzi chimodzi sagwirizana kuti ndi cha gulu liti, moti ambiri lero amangofunsa funso limodzi: kodi fupa lasuntha kapena lili m'malo? Ngati silinasunthe, amalimanga ndi zitsulo. Ngati lasuntha mwa wokalamba, mutu umachotsedwa.

Kuthyoka kwa kunja kwa thumba kunali ndi mbiri yakeyake. Kumeneko fupa limalumikizana, koma polumikizanapo limatitimira. Msomali wa Jewett wa mu 1941, umene unali wowotcherera ku chitsulo chafulati chomangidwa m'mbali mwa fupa, sunkagonja, ndiye fupa likamatitimira nsonga yake inkaboola mutu n'kukalasa m'chiuno. Yankho linachokera kwa munthu amene sanali dokotala: Ernst Pohl, mmisiri wosula zida zachipatala ku Kiel, amene mu 1951 analembetsa sikuluwu yotsetsereka m'kapaipi. Wodwala akaponda, sikuluwuyo imabwerera m'mbuyo pang'ono, zidutswa za fupa zimapanikizana, ndipo kulemera kwa thupi kumene kunkawononga kumasanduka kothandiza. Pohl yemweyo ndi amene ankasulira zida Gerhard Küntscher, dokotala amene mu 1939 anayamba kulowetsa msomali wautali m'mphako ya fupa la ntchafu. Nzeru ziwirizi zinadzakumana mu Gamma nail, msomali wa m'mphako wokhala ndi sikuluwu yopita kumutu, umene unakonzedwa ku Strasbourg ndi ku Halifax n'kuyamba kugulitsidwa mu 1988.

Zimene zinatsatira n'zochititsa manyazi pang'ono. Kafukufuku wina anaona ntchito za madokotala achinyamata a mafupa ku America: mu 1999 ankaika msomali wa m'mphako mwa odwala 3 pa 100 alionse othyoka kunja kwa thumba, koma pofika 2006 anali 67 pa 100. Panalibe umboni wakuti odwala ambiri ankachira bwino kuposa ndi sikuluwu yotsetsereka, misomali yoyambirira inkathyolanso fupa kunsonga kwake, ndipo mtengo wake unali wokwera. Zoona, pali mitundu ya kuthyoka kosakhazikika imene msomali umaposa. Koma kulumpha kuchoka pa 3 kufika pa 67 m'zaka zisanu ndi ziwiri si sayansi yokha ayi. Muli fashoni, muli luso la otsatsa malonda. Mu 2023 kafukufuku wa INSITE, wa odwala 850, anapezanso kuti patatha chaka moyo wa odwala a magulu awiriwa sunasiyane.

Zimene anaona ku Hastings

Pamene ena onse ankasula zitsulo, m'tauni ya Hastings, m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa England, kumene kumakhala anthu ambiri opuma pantchito, munkachitika zina. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, dokotala wa mafupa Michael Devas ndi dokotala wa matenda a okalamba Bobby Irvine anayamba kuyendera odwala limodzi, pamodzi ndi anamwino, a mafizo ndi oona za chisamaliro cha anthu. Maganizo awo anali osavuta kumva. Gogo amene wathyoka m'chiuno sabwera ndi fupa lokha: amabwera ndi mtima wofooka, shuga, maso osaona bwino, mankhwala ambirimbiri, ndiponso chimene chinamugwetsacho. Ukalamba si chifukwa chomukanizira opaleshoni, m'malo mwake ndi chifukwa choichitira msanga. Ndipo opaleshoniyo ikhale yoti munthu aponde ndi thupi lonse nthawi yomweyo, pakuti kuuza gogo wa zaka 85 kuti aziyenda ndi mwendo umodzi kwa masabata asanu ndi limodzi n'chimodzimodzi kumuuza kuti asayende.

Nzeru imeneyi inatenga zaka makumi kuti ifalikire, mwina chifukwa munalibe chogulitsa. Chimene chinaikankha ndi kuwerenga. Mu 1988 dziko la Sweden linayambitsa kaundula wa dziko lonse wotchedwa Rikshöft, wolemba aliyense wothyoka m'chiuno: anadikira maola angati, anamuchita chiyani, anabwerera kwawo kapena ayi. Scotland inatsatira mu 1993, Norway mu 2005, ndipo mu 2007 kunabadwa National Hip Fracture Database, imene imalemba odwala oposa 60,000 chaka chilichonse ku England, Wales ndi Northern Ireland. Mu 2010 boma ku England linaikapo ndalama: chipatala chinkalandira zowonjezera pa wodwala aliyense amene wachitidwa opaleshoni pasanathe maola 36, waonedwa ndi dokotala wa okalamba, ndiponso waunikidwa mphamvu ya mafupa ndi chimene chinamugwetsa. Omwalira pasanathe masiku 30 anatsika kuchoka pa 10.9 pa 100 alionse mu 2007 kufika pa 8.5 mu 2011, ndipo mliri wa Covid-19 usanafike anali atatsika kufika pansi pa 7. Palibe msomali umene unapulumutsapo anthu ochuluka chotero.

Kafukufuku nayenso anasintha nkhope. Kale dokotala wotchuka ankalemba za odwala ake 50 amene anawaika chitsulo chotchedwa dzina lake lomwe, n'kunena kuti zayenda bwino. Masiku ano zipatala zambiri za m'maiko osiyanasiyana zimagwirizana, odwala amagawidwa mwa maere kuti wina alandire njira iyi wina iyo, ndipo pamapeto amawerenga. Chowerengedwanso chinasintha. Poyamba ankayang'ana chithunzi cha X-ray. Pano amafunsa wodwalayo kapena womusamalira ngati akuyenda, ngati akusamba yekha, ngati ululu ulipo. Ngakhale odwala matenda oiwalaiwala, amene kale ankasiyidwa kunja kwa kafukufuku pamene ndi gawo lalikulu la othyoka, tsopano amalowetsedwa.

Mayankho ena anatuluka omveka. Ku Norway mu 2007, Frede Frihagen ndi anzake anagawa odwala 222 amene khosi la fupa linasuntha: mwa omangidwa ndi masikuluwu, theka anakumana ndi zovuta, pamene mwa oikidwa mutu wachitsulo anali 15 pa 100. Mu 2022 kafukufuku wa WHiTE 5, wotsogoleredwa kuchokera ku Oxford, wa odwala 1,225, anapeza kuti mutu womata ndi simenti umapatsa wodwala moyo wabwinoko pang'ono, ndipo fupa lozungulira chitsulo linathyoka mwa 0.5 pa 100 poyerekeza ndi 2.1 mwa opanda simenti.

Koma mipikisano yambiri ikuluikulu inatha mofanana mphamvu. FAITH, wa mu 2017, anayerekeza masikuluwu wamba ndi sikuluwu yotsetsereka mwa odwala oposa 1,000: obwereranso ku fiyeta anali 22 ndi 20 pa 100. HEALTH, wa mu 2019, wotsogoleredwa ndi Mohit Bhandari wa pa McMaster University ku Canada, anayerekeza kusintha mutu wokha ndi kusintha mfundo yonse mwa odwala 1,495 m'maiko 10: patatha zaka ziwiri obwerezedwa opaleshoni anali pafupifupi 8 pa 100 mbali zonse, kungoti mfundo yosinthidwa yonse inkaguluka kawirikawiri kuposa yosinthidwa mutu wokha. REGAIN, wa mu 2021, anayesa chikhulupiriro chakale chakuti jakisoni wa pamsana ndi wabwino kwa okalamba kuposa kuwagonetsa tulo: mwa odwala 1,600 a ku America ndi Canada, omwalira kapena olephera kuyenda patatha masiku 60 anali pafupifupi 18 pa 100 konsekonse.

Wofunika kumumvetsa bwino ndi HIP ATTACK, wa mu 2020, wa odwala 2,970 m'zipatala 69 za m'maiko 17, kuphatikizapo South Africa, India ndi Pakistan. Gulu lina linkathamangitsidwa ku fiyeta pa maola pafupifupi 6 kuthyoka kutadziwika, lina pa maola pafupifupi 24. Omwalira patatha masiku 90 anali 9 ndi 10 pa 100, kusiyana kosanunkha kanthu. Komabe othamangitsidwawo anasokonekera mutu ochepa, 9 pa 100 poyerekeza ndi 12, anadwala matenda a mkodzo ochepa, anadzuka msanga, anatuluka msanga. Wina waulesi akhoza kuwerenga mutu wa nkhani wokha n'kunena kuti changu chilibe phindu. Ayi ndithu. Amene ankatchedwa ochedwa m'kafukufukuyu anachitidwa opaleshoni tsiku limodzi lokha litadutsa. Za munthu wodikira masabata awiri kapena atatu, HIP ATTACK sananenepo kanthu.

Pali nthambi ina imene yakula mwakachetechete: kuletsa kuthyoka kwachiwiri. Ku Glasgow mu 1999 anayambitsa ndondomeko yoti aliyense wachikulire wothyoka fupa atagwa pang'ono aunikidwe ndi kupatsidwa mankhwala olimbitsa mafupa. Mu 2007 kafukufuku wa odwala 2,127 anaonetsa kuti diripi ya zoledronic acid kamodzi pachaka, yoperekedwa pambuyo pa opaleshoni ya m'chiuno, inachepetsa kuthyoka kwatsopano ndi 35 pa 100 ndipo imfa ndi 28 pa 100. Ngakhale zonsezi zilipo, m'maiko olemera momwemo, mwa okalamba anayi kapena asanu othyoka m'chiuno mmodzi amamwalira chaka chisanathe.

Kumene kafukufuku sanafike

Mu 1992 Cyrus Cooper ndi anzake anawerengera kuti othyoka m'chiuno padziko lonse adzakwera kuchoka pa 1.66 miliyoni mu 1990 kufika pa 6.26 miliyoni mu 2050, ambiri mwa iwo ku Asia. Chonsecho makaundula ndi makafukufuku akuluakulu ambiri ndi a kumpoto kwa Ulaya, Canada, America ndi Australia, ngakhale China tsopano ikufalitsa zambiri. Africa inatsalira pa chifukwa chinanso. Mu 1968 Louis Solomon anafalitsa kafukufuku wa ku Johannesburg wosonyeza kuti kuthyoka m'chiuno kunali kosowa kwambiri mwa anthu akuda, ndipo kwa zaka zambiri mabuku ankangobwereza zimenezo ngati kuti mafupa athu safooka. Kafukufuku watsopano wa ku South Africa wapeza ziwerengero zokwera kuposa za nthawi ya Solomon. Wina wa m'zipatala za boma za m'dera la Durban anapeza kuti odwala ambiri ankadikira opaleshoni kupitirira masabata awiri, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anamwalira chaka chisanathe. Pulogalamu ya Fractures-E3, yotsogoleredwa ndi Celia Gregson wa ku University of Bristol, inawerenga othyoka m'chiuno ku The Gambia, Zimbabwe ndi South Africa.

Kuno kwathu okalamba akuchuluka. Cha m'ma 2000 Mmalawi wobadwa ankayembekezeka kukhala zaka zosakwana 50. Pano n'zoposa 60. Amene anapulumuka ndi ma ARV akukalamba, ndipo kachilombo ka HIV komanso ena mwa mankhwala ake amafooketsa mafupa pang'ono, chifukwa choti mafupawo aziyang'aniridwa, osati choti munthu asiyire mankhwala. Ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, amene maphunziro awo a miyezi 18 anayambitsidwa mu 1985 ndi Edward Blair, dokotala wa ku Canada. Kumene kulibe dokotala wa opaleshoni ya mafupa, zitsulo, kapena makina ojambulira m'fiyeta, chotsala ndi kukoka mwendo. Amene anakhalapo gadiyani m'wodi ya ovulala akudziwa: kachitsulo kobaya pansi pa bondo kapena pulasitala womata pakhungu, chingwe chodutsa kumiyendo kwa bedi, cholemera chikulendewera, njerwa pansi pa miyendo ya bedi kuti wodwala asatsetsereke, ndipo mwana wamkazi kapena mdzukulu akugona pansi pambali kwa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, munda uli wosalima kumudzi.

Linda Chokotho ndi anzake anayerekeza kukoka kumeneku ndi kuika msomali mwa Amalawi akuluakulu othyoka pakati pa fupa la ntchafu, ndipo anapeza kuti msomali, umene umaoneka wodula, umatuluka wotsika mtengo ukawerengera masiku onse ogona m'chipatala, komanso odwala amachira bwino. Kafukufukuyo sanali wa m'chiuno, ndipo ambiri mwa odwalawo anali achinyamata. Koma ngati bedi limaluza mnyamata wa kabaza chotero, nanji gogo. Zipangizo zikubwera pang'onopang'ono: bungwe la SIGN, limene Lewis Zirkle anayambitsa ku America mu 1999, limapereka misomali yokonzedwa kuti iikidwe popanda makina ojambulira, chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, kaundula wa Malawi wa osinthidwa mfundo anayamba mu 2005, ndipo mu 2023 chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chinayamba ntchito pa Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mafunso amene ife tikufuna mayankho ake si akuti msomali uti umaposa unzake ndi theka la peresenti. Gogo wofika patatha masabata atatu, atayamba wadzera kwa asing'anga, achitidwe chiyani? Mutu wachitsulo unakonzedwera anthu okhala pa mipando yaitali ndi zimbudzi zokhalira; nanga munthu wogona pamphasa, wophika chonjuta, wogwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, amakhala nawo bwanji osaguluka? Mafizo achite ndani kumudzi kumene kulibe wa mafizo? Ndipo loyambirira pa onse, limene a ku Sweden anayamba nalo mu 1988: othyoka ndi angati, amadikira masiku angati, amoyo patatha chaka ndi angati? Limeneli silifuna makina odula, limafuna kaundula ndi munthu womulemba mokhulupirika.

Pakali pano gawo loyamba la wotchi yowerenga maola odikira opaleshoni lili m'manja mwa abale. Agogo akagwa n'kulephera kuimirira, akamadandaula ululu m'mphechepeche kapena m'chiuno, makamaka mwendo ukaoneka wofupika ndipo phazi lagonera kunja, musawathowe ndi madzi otentha n'kumadikira kuti muone mawa. Ena amatha kutsimphina masiku angapo fupa lili long'aluka, lisanasunthe, choncho kuyenda pang'ono si umboni woti zili bwino. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo atagona, tengani buku lawo lachipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, pemphani kuti ajambulidwe, ndipo fupa likapezeka lothyoka funsani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo ngati angatumizidwe kumene kuli opaleshoni, komanso tsiku limene adzayambe kuwadzutsa.